Dzina la Kafue silinapangidwe mu hotela

Mwezi watha ndinakhala masiku awiri m'cipinda cozizira ca hotela ina mu Lusaka, ndikumvetsera anthu ovala bwino akutiphunzitsa mmene tingadzigulitsire. Unali msonkhano wa anthu otsatsa malonda, a mawailesi, a manyuzipepala, ndi acinyamata amene masiku ano amadzichula kuti ma content creator. Ine ndine mphunzitsi cabe. Ndinapezekako cifukwa ndimayang'anira kalabu ya zolembalemba pa sukulu pathu, ndipo bungwe lina linalipirira aphunzitsi angapo kuti tikatape nzeru zobweretsera ana. Mtengo wa tikiti imodzi nditauona pa pepala, ndinauwerengera m'matumba a ufa, monga akanacitira munthu aliyense wa ku Nangongwe, ndipo ndinakhala kaye cete.

Liwu limene linalamulira masiku awiriwo ndi lakuti brand. Ndinayamba kuliwerenga m'kope langa monga ndimawerengera ana ocedwa, koma ndinatopa nthawi ya tiyi isanakwane. Tinauzidwa kuti munthu aliyense ndi brand, tauni iliyonse ndi brand, ngakhale dziko lomwe. Tinauzidwa kuti anthu sagula katundu, amagula nkhani imene yakutira katunduyo. Mnyamata wina wa ndevu zometedwa mwaluso anatiuza kuti vuto la Zambia si kusowa zinthu ai, koma kusadziwa kusimba nkhani yake. Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, pakuti manja amatsatira anzawo.

Koma pobwerera madzulo, basi itadutsa Chilanga ndi Shimabala, nsanja za fakitale ya Nitrogen zikuonekera patali, mawu a mnyamata uja anayamba kundiwawa. Ndikuwakana. Ndikuwakana monga munthu wobadwira m'tauni imene inali ndi dzina lalikulu popanda kulemba ganyu munthu woisimbira nkhani, ndipo dzinalo linazilala pamene makina analeka kulira, osati pamene osimba nkhani anasowa.

Funsani makolo athu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linasankha Kafue kuti akhale tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970. Kafue Textiles inali kuluka ndi kudinda nsalu. Panali fakitale yofufuta zikopa ya Bata, panali ya yisiti. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anchito. Anthu anacokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama, ku Monze, nabwera kudzagwira nchito kuno, ndipo n'cifukwa cake mwana wa ku Nangongwe kapena ku Shikoswe amakula akumva zilankhulo zinayi pa mpopi umodzi. Munthu akati ndine wa ku Kafue, anthu ku mudzi ankadziwa kuti kumapeto kwa mwezi kudzafika kenakake.

Amayi anga ali ndi citenge ca Kafue Textiles m'sutikesi, cimene anagula ine ndisanayambe sukulu. Anabereka naco ana atatu. Cacapidwa kosawerengeka, cayanikidwa pa dzuwa la mu October, koma maluwa ake akuonekabe, ndipo ukacigwira umamva kuti ndi thonje. Amayi sadziwa liwu lakuti brand. Koma akalowa mu msika, nagwira nsalu pakati pa zala ziwiri, n'kuibweza pa mulu akupukusa mutu, amakhala akuiyerekeza ndi ija ya m'sutikesi. Ngati brand ili ndi tanthauzo lililonse loyenera kuphunzitsa mwana, ndi limeneli: cikumbukiro cimene cinthu cabwino cimasiya m'zala za munthu. Dzina ndi ngongole imene wopanga cinthu amabweza tsiku lililonse.

Cinacitika pambuyo pake tonse ticidziwa. Kuyambira 1991 malire a malonda anatsegulidwa, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, mabelo a salaula anasefukira m'misika, ndipo nsalu zochipa zocokera kunja zinabwera pambuyo pake. Mafakitale a nsalu sanathe kupirira. Kafue Textiles inaleka kuluka. Mulungushi Textiles ku Kabwe inatsekedwa mu 2007. Thonje likulimidwabe kum'mawa, ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi, koma lambiri limatuluka m'dziko litangocotsedwa njere. Ndiye pa 24 October timavala zitenge za mbendera yathu, ciombankhanga cili pa cifuwa, koma ukayang'ana m'mphepete mwa nsalu kawirikawiri upeza kuti inadindidwa kutali. Nkhani ilipo, ndipo ndi yokoma: ufulu, umodzi, dziko la mtendere. Cimene palibe ndi munthu wa ku Nangongwe amene walandira malipiro cifukwa ca nsaluyo. Kodi apa mnyamata wa ndevu uja anganene kuti casowa ndi nkhani?

Ena adzati ndikusakaniza zinthu, kuti msonkhanowo sunali wa mafakitale. Zoona. Koma unali wa ana amene ine ndimaphunzitsa, ndipo mpamene pali mlandu wanga. Caka ciliconse timatulutsa ana a Giredi 12 m'tauni imene nchito zake n'zowerengeka. Ena ndi anzeru koposa ine. Tsopano kwabwera uthenga watsopano, wolalikidwa m'mahotela ndi pa TikTok, wakuti usadandaule za nchito, iwe mwini ndiwe katundu, dzikonze, dzijambule, udziike pa msika. Mwana amatenga ndalama ya ndiwo kugula bandulo ya intaneti. Akatha miyezi isanu ndi umodzi osapeza ngakhale ngwee, amaganiza kuti colakwika cili mwa iye, kuti nkhope yake kapena Cizungu cake sicinakwane. Uthengawu umacotsa mlandu pa anthu amene ayenera kuyankha cifukwa cake tauni ya mafakitale ilibe nchito, n'kuusenzetsa mwana wa zaka 18. N'cifukwa cake okamba ake amaitanidwa paliponse: sakhumudwitsa munthu aliyense wa udindo.

Pa msonkhanowo anachula Boom monga citsanzo ca brand ya Zambia imene inapambana. Ndinavomera, koma osati pa zifukwa zawo. Iwo anaonetsa zithunzi za zikwangwani ndi mitundu ya mapaketi. Trade Kings inayamba mu 1995 ndi sopo wophala ameneyu, ndipo lero amayi ambiri amachula sopo aliyense wa mtunduwo kuti boom, ngakhale atapangidwa ndi kampani ina. Kutsatsa kunathandiza, sindikana. Koma dzinalo linakhazikika m'beseni, m'manja mwa mayi amene anaona kuti kapaketi ka ndalama zocepa kacotsa litsiro pa kolala ya yunifomu. Ndipo taonani cimene eni ake anacita atapeza dzina. Sanatsegule sukulu yophunzitsa anthu kudzigulitsa. Anamanga mafakitale ena, ndipo gulu la makampani lomwelo ndilo lili ndi fakitale ya zitsulo kuno ku Kafue. Iwo eni akudziwa cimene cimayamba ndi cimene cimatsatira.

Yerekezani ndi zimene timacita ndi dzina la dziko. Kwa zaka zambiri mawu oitanira alendo anali akuti "The Real Africa". Mu 2011 anasinthidwa kukhala "Let's Explore". Mathithi a Mosi-oa-Tunya sanamve n'komwe kuti mawu asintha. Alendo opita ku Livingstone, ku Siavonga ndi ku Chirundu amadutsa mu Kafue tsiku lililonse, ndipo ambiri sacepetsa liwiro koma pa mahampu. Mlatho wa njanji umene unamangidwa pa mtsinje wathu mu 1906 ulipobe. Sukulu ya Kafue Boys, imene inayamba monga sukulu ya amishoni a Methodist ndipo Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzirapo, ilipobe. Mlendo akafuna kuima, aime pati, apeze ndani womuonetsa, awerenge ciyani? Mayankho a mafunso amenewa ndi njerwa, mipando, cimbudzi caukhondo ndi munthu wolipidwa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku laciwiri analankhula za nyimbo, ndipo Zamrock inachulidwa ndi ulemu waukulu, monga umboni wakuti dziko lapansi lili ndi njala ya nkhani zathu. Apa ndinatsala pang'ono kukweza dzanja. Nyimbo za WITCH, Amanaz ndi Paul Ngozi sizinagwe kucokera kumwamba. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda malekodi. Kunali Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inkajambulitsa magulu ndi kugulitsa nyimbo zawo. Anchito a m'migodi anali ndi ndalama yogulira lekodi ndi yolipirira pa khomo la holo. Mtengo wa kopa utagwa, makaseti okopera mwakuba atadzaza misika, matenda a Edzi atatenga oimba ambiri, zonsezo zinatha, ndipo Jagari Chanda wa WITCH anakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Patapita zaka, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inafunafuna malekodi akalewo n'kuwatulutsanso, ndipo lero WITCH ikuimba m'maiko a ku Ulaya ndi ku America. Sindiwaimba mlandu anthu akunjawo. Anacita cimene ife tinalephera. Koma cimene anapeza sinali nkhani. Anapeza mbale zakuda zozungulira, zopangidwa ndi makina, zokhala ndi nyimbo zabwino. Ana a m'kalasi langa ambiri anamva dzina la Zamrock koyamba pa foni, kucokera kwa azungu.

Za Patson Daka sindidzatalikitsa, pakuti kuno aliyense amadziyesa mboni. Anakulira mu Kafue, anasewera ku Kafue Celtic, anali m'timu ya acinyamata osapitirira zaka 20 imene inatenga cikho ca Africa mu 2017, napita ku Salzburg, kenaka ku Leicester mu 2021, ndipo mu October caka comweco anagoletsa zigoli zinayi m'masewera amodzi ku Moscow. Panali bwalo la fumbi, panali munthu wogula mpira ndi nsapato, panali wolipira basi yopita ku masewera. Zithunzi zokongola zinabwera mpira utalowa kale m'golo.

Dzina limene lamangidwa pa cinthu ceniceni limavulala pamene cinthuco cavulala, ndipo izi tinaziona ndi maso. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi analowa m'mitsinje imene imathira mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipopi. Chambishi ili kutali ndi kuno, makilomita mazana. Koma amayi ogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu anayamba kufunsidwa ndi oyendetsa galimoto kuti nsombazi zacokera kuti, ndipo liwu lakuti Kafue, limene dzulo linali lokweza mtengo, linasanduka lofunika kulinong'ona. Ndi katswiri uti wa zotsatsa akanawathandiza? Dzina la nsomba zawo lili m'madzi, ndipo wolisunga ndi munthu woyendera madamu a migodi.

Cimodzimodzi malaiti. Mu 2024, cilala citaphwetsa Kariba, tinkakhala tsiku lonse mu mdima, malaiti n'kubwera pakati pa usiku kwa maola ocepa. Izi zinacitika m'tauni imene ili pafupi ndi Kafue Gorge, kumene siteshoni yatsopano ya mamegawati 750 inali itangotsegulidwa caka ca 2023. Wowocherera zitsulo wa pafupi ndi kwathu amapanga mageti abwino kuposa ambiri amene ndinaona ku Kabulonga. Akanakhala pa msonkhano uja akanamuuza kuti atsegule tsamba pa Facebook. Tsamba ali nalo. Cimene analibe ndi moto wa pa ndodo yake yowocherera.

Kuti ndisakhale wabodza, pali ola limodzi limene linandipindulitsa. Linaikidwa nthawi ya nsima, m'kacipinda ka kumbuyo, ndipo tinalimo anthu osakwana kudzaza benchi ziwiri za m'chalichi. Analankhula mayi wina wopanga ciponde ca nshawa. Analibe zithunzi zoonetsa pa khoma. Anatiuza mmene analembetsera dzina la bizinesi ndi cizindikiro cake ku PACRA, kuti wina asadzalitenge. Anatiuza mmene katundu wake anapimidwira ku ZABS, ndi mmene masitolo aakulu amakanira botolo lopanda mizere ija yowerengedwa ndi makina pa kauntala. Anatiuza kuti sitolo yaikulu ingatenge katundu lero n'kulipira patapita milungu yambiri, ndipo ngati ulibe ndalama yogulira nshawa zina m'nyengo imeneyo, dzina lako limafera pa shelefu. Anati anasintha cikuto ca botolo kamodzi kokha, koma anasintha wogulako nshawa katatu cifukwa ca cuku. Wina anafunsa za oimba, ndipo munthu wa kumbuyo anakumbutsa kuti kuli ZAMCOPS yolembetsako nyimbo. Ndinalemba masamba anayi. M'cipinda cacikulu, masiku awiri onse, ndinalemba tsamba limodzi ndi theka, ndipo theka lake linali maluwa amene ndinajambula m'mphepete.

Cotsiriza cimene cinandikhala pa mtima ndi cilankhulo. Msonkhano wonse wa luso ndi nzeru zatsopano unacitika m'Cizungu. Cinyanja cinkatuluka pokhapokha wokamba akafuna kuseketsa anthu, liwu limodzi kapena awiri, monga mcere wowaza pamwamba. Mkulu wina wa kampani yotsatsa malonda anaulula, akuseka, kuti iwo amalemba uthenga m'Cizungu, kenaka n'kufunsa aliyense mu ofesi amene amamva Cinyanja kuti autembenuze msangamsanga. Ndiye musadabwe ndi zikwangwani za pa Kafue Road zimene mawu ake palibe mayi anawalankhulapo kwa mwana wake. Wolemba Cizungu amalipidwa monga katswiri. Wotembenuza amapatsidwa zikomo.

Komatu mbiri ya wailesi m'dziko lino imanena zina. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, koyendera batire, ndipo siteshoni ya ku Lusaka inkaulutsa m'zilankhulo za anthu. Mpamene mawu a Alick Nkhata analowa m'makomboni ndi m'midzi. Pambuyo pake Julius Chongo ankakhazika mabanja pansi ndi pologalamu ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi akusintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi fisi, m'Cinyanja cimene mpaka lero ophunzira amacifufuza. Palibe anamuphunzitsa kudzigulitsa. Anali ndi cilankhulo cimene ankacidziwa mpaka ku mizu, maikolofoni, ndi anthu okhala ndi wailesi. Pa msonkhano wa masiku awiri wonena za kusimba nkhani za Zambia, dzina lake silinachulidwe ngakhale kamodzi.

Ndipo olowa m'malo mwake alipo, kungoti sapatsidwa kacingwe ka m'khosi kolowera mu hotela. Basi imene ndinakwera m'mawa wa tsiku loyamba inali ndi mawu kumbuyo akuti nsanje siimanga nyumba, ndipo anthu pa siteshoni amaidziwa ndi mawu amenewo kuposa nambala yake. Ang'wang'wazi amadzaza basi ndi mawu atatu ndi mluzu. Mayi wa tomato amadziwa kukuitana mwa njira yakuti ukadutsa osagula umamva ngati walakwira mlongo wako. M'kalasi langa muli mnyamata amene Loweruka amalemba maina pa tuntemba ndi pa mabala ometera tsitsi. Amadziwa kuti mawu ofiira amazilala msanga pa khoma loyang'ana kumadzulo, ndipo amadziwa dzina limene lingaseketse munthu osanyoza mwini sitolo. M'mayeso a Cizungu amavutika. Akanalowa m'cipinda cozizira cija akanauzidwa kuti ayambe kuphunzira luso.

Nditabwerera, ahedi anandipempha kuti ndikambe ndi kalabu zimene ndinaphunzira. Ana anali atamva kale kuti ndinapita ku msonkhano wa anthu a pa TikTok, ndipo anadzaza kalasi kuposa masiku onse. Ndinawauza za mayi wa ciponde. Nkhope zina zinagwa. Mtsikana wina anakweza dzanja nati, "Aticha, ndiye mukuti tisamajambule mavidiyo?" Ndinati ai, jambulani, koma Lacisanu tidzapita ku msika ndi mafoni anuwo, aliyense akapeze munthu mmodzi wopanga cinthu ndi manja ake, akamufunse m'cilankhulo cake kumene amagula zipangizo, cimene cimamudyera phindu, ndi amene anamuphunzitsa.

Tinapita. Gulu la mtsikana uja linaima pa telala wina, mayi wacikulire wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anawaonetsa m'mphepete mwa zitenge zisanu zimene makasitomala anasiya, kuti awerenge okha kumene zinadindidwa. Anawauza kuti anaphunzira kudziwa nsalu kwa mlamu wake amene ankagwira nchito yoluka kuno komwe, ndi kuti makina ake a malaiti anawakankhira pansi pa tebulo n'kubwezeretsa akale opalasa ndi phazi. Vidiyoyo ndi ya mphindi zitatu, ikugwedezeka, ndipo pakati pake wina akumveka akutsatsa makala. Mayiyo atafunsidwa dzina la bizinesi yake anaseka, nati ilibe dzina, anthu amangoti kwa amake uje kuseri kwa ogulitsa kapenta. Mnyamata wolemba zikwangwani uja wamulonjeza kuti adzamulembera limodzi akapeza penti yotsala, koma mpaka pano akukanganabe za mawu oti alembepo.